Khoma loyenda limafuna wolikankha

M'mwezi wa Seputembala 2025 zitseko za Centre Pompidou, nyumba yaikulu ya zaluso ya mumzinda wa Paris ku France, zinatsekedwa. Akuluakulu a nyumbayi akuti idzatsegulidwanso m'chaka cha 2030. Pa nthawi yotsekayi amisiri adzakhala ali m'katimo. Adzachotsa asibesitosi, ulusi woopsa ku mapapo umene umapezekanso m'malata akale aja a lusalite. Adzakonza zitsulo zimene dzimbiri lazilowa, adzasintha magalasi, mawaya ndi makina a mpweya. Ndalama za ntchitoyi zikuyembekezeka kupitirira mayuro 400 miliyoni. Ndipo aka si koyamba. Nyumba yomweyi inatsekedwanso kuyambira mu 1997 mpaka pa 1 Januwale 2000, pa chifukwa chomwechi cha kukonza. Nyumba imene sinakwanitse ndi zaka 50 zomwe yagonekedwa kale m'chipatala kawiri.

Wina angafunse kuti za ku Paris zikumukhudza bwanji munthu wa ku Tete, ku Ulónguè kapena ku Lichinga. Zikumukhudza chifukwa nzeru imene inamanga nyumbayi sinakhale ku Paris. Inayenda. Lero akatswiri ojambula mapulani a nyumba padziko lonse amakonda liwu lakuti módulo, ndipo tsiku limene mzinda uliwonse wa m'zigawo zino udzaganize zomanga kapena kukulitsa Casa de Cultura yake, liwuli lidzapezeka pa pepala lodikira siginecha ya akuluakulu. Ndi bwino kuti osainawo, pamodzi ndi ovina, oimba ndi osema amene nyumbayo idzakhale yawo, adziwiretu chimene liwuli limalonjeza ndi ngongole imene limabwera nayo.

Kumanga ndi ma módulo ndiko kumanga ndi zigawo zofanana msinkhu, zopangidwiratu kwina, zimene zimangolumikizidwa zikafika pamalopo. Ofuna kukulitsa nyumba amawonjezera chigawo china, monga momwe sukulu imawonjezerera kalasi pambali pa kalasi. Ofuna kusintha m'kati amasuntha makoma, pakuti makomawo sanyamula denga. Lonjezo lake ndi lokoma: holo imene dzulo munali zisudzo, lero muli chionetsero cha zojambula, mawa muli msonkhano.

Mwini maganizo omanga nyumba ya ku Paris anali mtsogoleri wa dziko la France, malemu Georges Pompidou, amene analamulira kuyambira 1969 mpaka imfa yake mu 1974. Iwo ankafuna kuti zojambula zamakono, mabuku, nyimbo ndi kanema zikhale pansi pa denga limodzi, pakati pa mzinda, m'dera la Beaubourg, pamalo pamene panthawiyo pankangoimikidwa magalimoto. Mu 1971 kunachitika mpikisano ndipo mapulani 681 anafika kuchokera m'maiko osiyanasiyana. Wapampando wa oweruza anali a Jean Prouvé, ndipo m'gulumo munalinso a Oscar Niemeyer a ku Brazil. Anapambana ndi anyamata osadziwika kwenikweni: a Renzo Piano ndi a Gianfranco Franchini a ku Italy, ndi a Richard Rogers a ku Britain, mothandizana ndi mainjiniya a kampani ya Ove Arup. Onse atatu anali asanakwanitse zaka 40. Nyumbayo inatsegulidwa pa 31 Januwale 1977, a Pompidou atamwalira kale.

Nzeru ya anyamatawa inachokera pena. M'zaka za m'ma 1960 ku London, katswiri wa mapulani Cedric Price ndi mayi wa zisudzo Joan Littlewood anajambula chinyumba chimene anachitcha Fun Palace, mafupa achitsulo okhaokha, ndi makina onyamula makoma ndi masiteji n'kukawaika pamene anthu afuna tsiku limenelo. Chinyumbacho sichinamangidwe. A Piano ndi a Rogers ndiwo anayesa kuchimanga pakati pa Paris.

Mamangidwe ake ndi ofunika kuwamvetsa, chifukwa ubwino wa nyumbayi ndi matenda ake zikuchokera pamalo amodzi. Nyumbayi ndi yaitali mamita 166, m'lifupi mamita 60, ndipo msinkhu wake ndi mamita 42. Mafupa ake ndi mafelemu achitsulo 14, ofanana ndendende, oimikidwa motalikirana mamita 12.8. Pakati pa felemu ndi felemu ndiye módulo imodzi, ndipo zilipo 13. Pa nsanjika iliyonse mitanda yachitsulo imadumpha mamita 48 kuchokera mbali ina kufika mbali ina popanda mzati pakati. Tsono nsanjika imodzi ndi chipinda chimodzi chachikulu ngati bwalo la mpira, chopanda nsanamira yotchinga maso.

Kuti mtanda wautali chonchi usagwetse mzati, injiniya Peter Rice ndi anzake anagwiritsa ntchito mkono wachitsulo wotchedwa gerberette, wolemera pafupifupi matani 10, wopangidwa ku Germany. Mkonowo umakhala pa mzati monga mtengo umakhalira paphewa la munthu. Mbali yaifupi, ya m'kati, imanyamula mtanda. Mbali yaitali, ya kunja, imakokedwera pansi ndi ndodo yachitsulo, monga dzanja la wosenza limakanikizira mtengo kuti katundu asamugwetse. Amene anasenzapo nsungwi kuchokera kudimba akudziwa za nzeru imeneyi ngakhale sanapite ku sukulu ya mainjiniya.

Ndiyeno, kuti m'kati mukhale mopanda kanthu, zonse zimene nyumba zina zimabisa m'makoma zinatulutsidwa panja. Mapaipi abuluu amanyamula mpweya, obiriwira madzi, achikasu magetsi, ndipo zofiira ndi njira za anthu ndi zikepe. Masitepe oyenda okha anaikidwa m'chipaipi chagalasi chokwawa pakhoma lakutsogolo, chimene anthu a ku Paris amachitcha mbozi. Ena atangoiona nyumbayo anati ndi fakitale yoyenga mafuta. Kunyozako sikunaletse anthu kubwera. Anabwera ochuluka kuposa amene omanga anawawerengera, ndipo mapazi awo anathandiza kuikalambitsa msanga.

Komatu lonjezo la kusinthika linayamba kuchepa nyumba isanathe n'komwe. Pa pulani yoyamba ngakhale nsanjika zinayenera kumakwera ndi kutsika. Zimenezo zinasiyidwa chifukwa cha ndalama, nthawi ndi malamulo oteteza ku moto. Zipinda zikuluzikulu zopanda makoma nazo zinavuta oyang'anira zojambula. Chojambula chimafuna khoma lokhazikika, kuwala koyezedwa ndi bata. Pofika 1985 katswiri wa ku Italy, mayi Gae Aulenti, anali atagawa nsanjika za museu n'kukhala zipinda zokhala ndi makoma, zofanana ndi za museu ina iliyonse. Zaka 8 zokha chitsegulireni, khoma limene linathamangitsidwa linabwerera pakhomo.

Itatsegulidwanso mu 2000, chinthu china chinatayika. Poyamba munthu aliyense ankakwera mbozi ija ulele mpaka pamwamba kukaona mzinda wonse, ngakhale alibe cholinga choona chojambula chilichonse. Pambuyo pake panafunika tikiti. Omanga ankafuna kuti masitepewo akhale ngati msewu wa onse wokwera m'mwamba, koma oyang'anira anaona kuti msewu wa onse suthandiza kulipira magetsi.

Ndipo zitsulo ndi mapaipi oikidwa panja zimakumana ndi mvula, chisanu ndi utsi tsiku ndi tsiku. Zimafuna penti, zimafuna kuyenderedwa, zimafuna mmisiri wozidziwa. Walira mvula walira matope. Dziko la France lili ndi ndalama zopondera matopewo, ngakhale nakonso nkhani ya ndalamazi yadzetsa mikangano, ndipo kumapeto kwa 2023 ogwira ntchito m'nyumbayi ananyanyala ntchito podera nkhawa za tsogolo lawo pa zaka zimene idzakhale yotseka. Khonsolo ya mzinda wa m'chigawo, imene imavutika kale ndi zinyalala ndi maenje a m'misewu, ingatani itapatsidwa mwana wa nyumba yotereyi?

Sikuti nyumbayi inalephera. Zinthu ziwiri zinapambana kotheratu, ndipo chodabwitsa n'chakuti zonse ziwiri sizidalira khoma loyenda. Choyamba ndi bwalo. A Piano ndi a Rogers anamanga pa theka la malo amene anapatsidwa, theka linalo analisiya lopanda kanthu, lotsetsereka pang'ono kulowera kukhomo la nyumba. Pabwalopo pankasonkhana oimba, ochita masewera odabwitsa, ojambula nkhope za anthu, ndi anthu wamba ongokhala pansi. Kutsetsereka kuja kumachititsa kuti wakumbuyo aone pamwamba pa mutu wa wakutsogolo. Palibe makina, palibe tikiti. Chachiwiri ndi biblioteca, imene munthu ankalowa ulele, popanda khadi, n'kuwerenga mpaka 10 koloko usiku. Mzere wa ana a sukulu odikira kulowa unali chizindikiro cha nyumbayi mofanana ndi mapaipi aja. Potseka nyumbayo mu 2025 biblioteca sanaitseke nayo limodzi. Anaisamutsira kumalo ena mumzinda womwewo, chifukwa owerenga sakanadikira zaka zisanu.

Za bwalozi anthu a m'zigawo zino safunika kuphunzitsidwa. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, savinidwa pa siteji yokhala ndi mipando yokhomerera. Amafuna dothi, fumbi, malo a ng'oma, malo a amayi oimba, ndi njira yotulukira chilombo kuchokera kutchire. Katswiri amene angajambule nyumba ya zaluso ya ku Angónia kapena ku Macanga osayamba waima pabwalo lotere, adzajambula holo yokongola imene ovina adzavinira kuseri kwake.

Pali nkhani ina yokhudza wapampando wa oweruza uja, a Jean Prouvé, imene ndi yowawa kwambiri kwa munthu wa mu Africa. Iwo anali katswiri weniweni wa nyumba zopangidwiratu m'fakitale. Anapanga nyumba za aluminiyamu ndi chitsulo zotchedwa Maison Tropicale, zoti zizitumizidwa m'maiko amene France inkalamulira. Imodzi inapita ku Niamey, ku Niger, mu 1949, ndipo ziwiri zinapita ku Brazzaville mu 1951. Zinathera pa zitatuzo, chifukwa zinapezeka kuti n'zodula kuposa kumanga ndi zipangizo za komweko. Zinakhala kumeneko zaka pafupifupi 50. Kenaka, cha m'ma 2000, zinagulidwa, zinamasulidwa mabawuti n'kubwezedwa ku France. Mu 2007 imodzi inagulitsidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wa pafupifupi madola 5 miliyoni. Chaka chomwecho mayi Ângela Ferreira, waluso wobadwira ku Maputo mu 1958, anaonetsa ntchito yake yonena za nyumbazi pa chionetsero chachikulu cha ku Venice, ataimira dziko la Portugal. Mwa zimene anaonetsa munali zithunzi za malo amene nyumbazo zinachotsedwa. Ku Niamey kunatsala simenti ya pansi yokha. Nyumba imene imamasuka mosavuta imanyamulikanso mosavuta, ndipo amainyamula ndi amene ali ndi ndalama.

Amene anafikapo ku Maputo akuidziwa Casa de Ferro, yoyandikana ndi munda wa Tunduru. Inabwera m'zidutswa kuchokera ku Ulaya mu 1892 kuti ikhale nyumba ya bwanamkubwa, koma bwanamkubwayo sanakhalemo chifukwa cha kutentha. Kumeneko ndi ku Maputo, kumene kumawomba mphepo ya kunyanja. Nanga mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40? Aliyense wofuna kusandutsa makontena achitsulo kukhala zipinda zoimbira, poti kontena nayo ndi módulo yotsika mtengo, ayambe wakhala m'kontena masana a mwezi wa Novembala kwa ola limodzi, magetsi atazima.

Kodi tsono nzeru ya ma módulo itayidwe? Ayi. Pali munthu amene waigwiritsa ntchito mwanjira ina, ndipo ntchito yake ina ili pafupi. A Francis Kéré a ku Burkina Faso, amene mu 2022 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, mphoto yaikulu koposa ya akatswiri a mapulani a nyumba, ndiwo anajambula sukulu ya Benga Riverside, ku Benga pafupi ndi mzinda wa Tete, imene inamalizidwa mu 2018. Makoma ake ali ndi timabowo tambirimbiri tolowetsa kuwala ndi mphepo. A Kéré anayambira kumudzi kwawo ku Gando, kumene mu 2001 anamanga sukulu ya njerwa zadothi mothandizana ndi anthu a m'mudzimo. Denga la malata analikweza pamwamba, kulisiyanitsa ndi zipinda, kuti mpweya wotentha uzituluka ndipo mthunzi uzigwera pamakoma. Denga limenelo analilumikiza amisiri a komweko ndi zitsulo wamba zomangira. Likathyoka, wowotcherera wa pamsika angathe kulikonza.

Mu 2010, ku Laongo, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Ouagadougou, a Kéré ndi mkulu wa zisudzo wa ku Germany, malemu Christoph Schlingensief, anayamba kumanga mudzi wa zaluso wotchedwa Opera Village. Pulani yake ndi ya timanyumba tofanana, toikidwa mozungulira ngati chigoba cha nkhono, ndipo pakati pake ndi malo a holo yaikulu ya zisudzo. Apa módulo si chitsulo cha matani 10 chochokera kutsidya kwa nyanja. Ndi kanyumba ka dothi, miyala ndi matabwa kamene amisiri a m'deralo akaphunzira kumanga kamodzi, angathe kumanga kachiwiri ndi kachitatu mwini pulani kulibe. Sukulu inatsegulidwa mu 2011, chipatala mu 2014.

Koma nayonso nkhaniyi ili ndi minga yake. A Schlingensief anamwalira mu Ogasiti 2010, miyezi yochepa ntchito itayamba, ndipo patapita zaka 10 holo ya zisudzo ija inali isanamangidwe. Palibe amene anganene kuti sukulu ndi chipatala sizinayenere kutsogola. Komabe apa ndi pamene pali msampha wa kumanga pang'onopang'ono. Zigawo zoyamba zimamangidwa ndalama ndi chidwi zikadalipo. Chigawo chimene chaikidwa kumapeto chimadikira wothandiza wina, nduna ina, bajeti ina. Ndipo pa ndandanda ya zofunika, zaluso nthawi zambiri ndizo zimaikidwa kumapeto. Kuno msamphawu ungaoneke motere: maofesi a dairekita ndi mlembi atha, mpanda watha, chikwangwani chapakidwa penti, koma ovina akuyeserera pansi pa mtengo wa mango monga kale.

N'chifukwa chake khonsolo kapena ofesi ya zachikhalidwe imene ingalandire pulani ya nyumba ya zaluso ya ma módulo isayambe ndi kusirira chithunzi. Chithunzi cha pakompyuta chimakhala ndi mitengo yobiriwira ndi anthu osatuluka thukuta. Ifunse kuti chigawo choyamba kumangidwa ndi chiti, ndipo iumirire kuti chikhale bwalo ndi denga lalikulu la mthunzi, lokwezeka, lokhala ndi magetsi, madzi, zimbudzi ndi chipinda chokhoma chosungiramo ng'oma ndi zokuzira mawu. Ndalama zikathera pamenepo, mzinda uli kale ndi malo ovinira, oonetsera kanema usiku ndi ogulitsira zosema. Ofesi ingathe kudikira. Chipinda cha mabuku chibwere msanga pambuyo pake, ndipo chizitseka usiku, osati nthawi imene ogwira ntchito m'boma amaweruka, pakuti mwana wa sukulu amene kwawo kulibe nyali yabwino amafuna tebulo madzulo.

Ifunsenso za chidutswa chilichonse chimene chili pa pulaniyo: chikathyoka, chigulidwa kuti? Ngati yankho ndi Johannesburg, Lisboa kapena Shanghai, ndiye kuti tsiku lothyoka ndilo tsiku lomaliza kugwira ntchito. Khoma loyenda pa njanji limafuna girizi, limafuna munthu wodziwa kulikankha, ndipo munthuyo amafuna malipiro mwezi ndi mwezi. Fumbi la mu Seputembala likalowa m'njanjimo ndipo palibe wolipukuta, khomalo limaima pamene linasiyidwa tsiku lotsegulira, ndipo mzinda umakhala utalipira mtengo wa khoma loyenda n'kulandira khoma wamba, lopyapyala, lolowetsa phokoso la ng'oma m'chipinda cha owerenga. Katani yolemera, kapena zotchingira za bango zimene anyamata awiri anganyamule, zimagawa holo mofanana ndipo woziluka ali m'bairro momwemo.

Othandiza ochokera kunja amakonda kulipira zomanga, chifukwa chomangidwa chimajambulika ndipo pamakhala riboni yodula. Penti ya chaka chachisanu salipira. Choncho pangano lililonse lomanga nyumba yotere lizikhala ndi tsamba lonena za ndalama zokonzera chaka ndi chaka, dzina la ofesi imene idzazitulutse, ndi chiwerengero cha amisiri a m'deralo amene adzaphunzitsidwe ntchito ikumangidwa. Mapulani onse, mpaka kukula kwa bawuti, atsale m'manja mwa khonsolo, m'Chipwitikizi, kuti chigawo chachinayi chidzathe kumangidwa ndi kontalakitala wa ku Moatize ngakhale katswiri amene anajambula atabwerera kwawo. Ndipo pulaniyo, isanasainidwe, ikayalidwe pabwalo pamaso pa magulu a zisudzo, oimba, osema ndi akuluakulu a gule, kuti anene okha kumene ng'oma zidzakhale, kumene dzuwa la madzulo lidzawombe, ndi khomo limene ovina adzalowere.